Bambo, musamulande mwanayo chiwongolero

Bambo wina wandilembera imelo. Mwana wake wamkazi wa zaka 19 sakufuna zaunamwino zimene makolo anamusankhira, mtima wake uli pa mipikisano ya magalimoto. Akufunsa kuti amuletse bwanji osamukhumudwitsa.

Bambo, funso lanuli landipweteka, chifukwa ine ndine mwana amene analetsedwa. Ndinakulira pafupi ndi galaja ya amalume anga. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko kukawapatsira masipanala ndi kutsuka mapulagi, ndipo ndisanamalize sekondale ndinkatha kudziwa ndi khutu lokha kuti injini ikuphonya. Amalume ankanyadira. Tsiku lina bambo anga anandipeza ndili chagada pansi pa galimoto, oyilo mpaka m'zigongono. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wamkazi sagona pansi pa galimoto." Za galaja zinathera pomwepo. Ndinaphunzira zina, ntchito ndili nayo, koma amalume atamwalira zida zawo zonse zinagulitsidwa chifukwa panalibe wozitenga, ine ndilipo.

N'chifukwa chake dzina la Michèle Mouton, mkazi katswiri wa mipikisano ya magalimoto, silichoka pakamwa panga. Anabadwa mu 1951 ku Grasse, kumwera kwa France, kumene makolo ake ankalima maluwa. Anayamba maphunziro a zamalamulo, kenako mnzake anamupempha kuti akhale pampando wa pambali, womuwerengera njira, pa Monte Carlo Rally ya 1973 (rally ndi mpikisano wa magalimoto wochitikira m'misewu wamba). Bambo ake, a Pierre, ataona kuti mwanayo wakodwa nazo, anamugulira galimoto ya Alpine A110 n'kumupatsa nthawi yochepa yoti aonetse ngati luso lilipo. Mantha anali nawo ngati inu, koma anaona kuti kuli bwino chiwongolero chikhale m'manja mwa mwana wawo kusiyana n'kuti moyo wake udalire kuyendetsa kwa munthu wina.

Luso linalipo. Mu 1975 anapambana m'gulu la magalimoto a injini za malita awiri pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans, pamodzi ndi akazi anzake awiri. Mu 1981, ali mu Audi Quattro, Fabrizia Pons akumuwerengera njira, anapambana rally ya Sanremo ku Italy, mkazi woyamba kupambana rally ya ukatswiri wa dziko lonse. Mu 1982 anapambananso ku Portugal, ku Greece ndi ku Brazil, ndipo ukatswiri weniweniwo anali kulimbirana ndi Walter Röhrl, dalaivala wa ku Germany.

Zimene zinachitika ku Côte d'Ivoire chaka chomwecho zimandiliza. Rally ili pafupi kuyamba, uthenga unafika woti bambo ake a Mouton amwalira ndi khansa. Iye anayendetsabe, anatsogola nthawi yaitali, kenako galimoto inayamba kuvuta, pomaliza inagubuduzika. Ukatswiri unapita kwa Röhrl, iye n'kukhala wachiwiri. Ena amaitenga nkhaniyi ngati ya kulephera. Ine ndimakana kwamtuwagalu. A Pierre anafa ataona mwana wake akupikisana ndi akatswiri onse a padziko, chifukwa cha galimoto imene anagula yekha. Amene amaletsa ana awo amati akuwateteza, koma ambiri chimene amaopa ndi pakamwa pa anthu. Bambo anga ankaopa zoti anzawo anena chiyani, osati jeke kundigwera.

Za ngozi

Sindikunamizani, masewerawa amapha. Mu 1986 Henri Toivonen ndi womuwerengera njira Sergio Cresto anafera m'galimoto ku Corsica, ndipo magalimoto amphamvu a Group B, mtundu umene Mouton ankayendetsa, analetsedwa kumapeto kwa chakacho. Iyenso anasiya chaka chomwecho, atatenga ukatswiri wa ku Germany mu Peugeot, patangopita chaka chimodzi chiphwanyireni mbiri ya liwiro pa phiri la Pikes Peak ku America. Pambuyo pake anagwira ntchito ku FIA, bungwe loyang'anira masewerawa, kuyendera misewu ya rally kuti ikhale yotetezeka komanso kutsogolera komiti yolimbikitsa akazi.

Yankho langa ndi ili. Musamuletse. Ndalama za masewerawa n'zambiri, choncho ayambe ndi zotsika mtengo: apeze laisensi, alowe kalabu ya magalimoto ngati wothandiza pa tsiku la mpikisano, aphunzire umakaniko kapena kuwerenga njira. Gwirizanani za chaka chimodzi, sukulu asaitaye, ndipo tsiku lake loyamba inuyo mukakhalepo.