Bodza lilibe miyendo, limayenda ndi yako

Mdzukulu wanga wina wandifunsa kuti: "Agogo, chisankho chikayandikira foni imadzaza ndi mauthenga onyoza atsogoleri. Ndinatumizako umodzi kwa anzanga, kenako ndinamva kuti unali wabodza. Ndalakwa pati, poti sindine ndinaulemba?"

Walakwa ndithu, mwanawe, sindikubisira. Amene anaupeka ndi munthu mmodzi, koma kuti ufike kwa anzako unadzera m'chala chako. Ndipo anzakowo anaukhulupirira chifukwa unachokera kwa iwe.

Ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America anasanthula nkhani pafupifupi 126,000 zimene zinafala pa Twitter kuyambira 2006 mpaka 2017. Anapeza kuti nkhani yoona imatenga nthawi yotalika pafupifupi kasanu n'kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza. Chinandigwira mtima n'chakuti olithamangitsa bodzalo kwambiri sanali makina ayi, anali anthu ngati iwe ndi ine.

Tsono ndikufunse: uthenga uja unkanyoza ndani? Ndikudziwa kale, unkanyoza yemwe sumufuna. Ukanakhala wonyoza wako ukanaima n'kufunsa kuti zachokera kuti. Wopeka bodza amaidziwa bwino mbali yofewayi. Mu 2016 ku America kunafala nkhani pa Facebook yoti Papa Francis akuchirikiza Donald Trump. Papayo sanatero, koma amene inawakomera anaigawa osafunsa.

Kale tinkati kandimverere anakanena zam'maluwa, ndiye kadzimvere wekha. Lero ngakhale khutu lako lingakupusitse. Ku Slovakia mu 2023, kutatsala masiku awiri kuti anthu avote, kunatuluka mawu opangidwa ndi kompyuta omveka ngati a Michal Šimečka, mtsogoleri wa chipani china chimene chinkapikisana nawo, akukambirana zobera chisankho. Anawatulutsa mochenjera, pa nthawi imene lamulo limaletsa kampeni, moti kuwatsutsa kunavuta. Mu Januwale 2024 ku New Hampshire, chigawo china cha America, anthu analandira mafoni a mawu ofanana ndi a Joe Biden, pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, owauza kuti asapite kukavota.

Waonatu pamenepo? Nthawi zina wabodza sakufuna n'komwe voti yako. Akufuna ukhale pakhomo. Akufuna utope, unene kuti onse ndi amodzi, palibe woona. Ine mawu amenewa ndimawaopa kuposa bodza lenilenilo, chifukwa munthu amene sakhulupiriranso aliyense safunsa mtsogoleri za malonjezo ake, ndipo mbali yake ikagonja savomera. Makhoti a ku America anakana milandu yoposa 60 yonena kuti chisankho cha 2020 chinaberedwa, komabe pa 6 Januwale 2021 khamu linakathyola nyumba ya malamulo ku Washington.

Sindikuti usiye kukamba ndale, ayi. Kamba, tsutsa, nyoza zochita zoipa. Koma uthenga ukakukwiyitsa kapena kukusangalatsa mopitirira, ika foni pansi. Ona tsiku, ona amene waulemba, ona ngati nyumba zoulutsa nkhani zodziwika zaunena. Za tsiku ndi malo ovotera uzimva kwa bungwe loyendetsa chisankho basi.

Za uthenga unatumiza kalewo, bwerera kwa anzako omwewo, mmodzimmodzi ngati n'kotheka, uwauze kuti: "Zija ndinakutumizirani zinali zabodza, pepani." Manyazi udzamva, koma chita lero, asanautumize kwina.