Yankho kwa mphwanga: za Amand Landry

Eya mphwanga, funso lako lija ndalimva, loti mlimi wa chi-Acadian amene anayamba kulowa kunyumba ya malamulo ku New Brunswick, chigawo cha ku Canada, anali ndani. Ndi Amand Landry. Koma usamusokoneze ndi mwana wake Pierre-Amand Landry, ambiri amaphonya pamenepo. Komanso mpando wake unali m'nyumba ya malamulo ya chigawo ku Fredericton, osati ku Ottawa ayi, nthawi imene ankalowa Canada ngati dziko limodzi anali asanamupange.

Anabadwa mu 1805 ku Memramcook, namwalira mu 1877. Anthu akwawo, a chi-Acadian, ndi aja olankhula Chifalansa amene Angerezi anawathamangitsa m'minda yawo kuyambira 1755. Anali Akatolika, ndipo Mkatolika sankaloledwa kukhala phungu kumeneko mpaka 1830. Ndiye ukamva kuti anasankhidwa mu 1846 kuimira dera la Westmorland, werengera bwino, zinali patangopita zaka 16 chitseko chitatseguka.

Ulimi wa kwawoko uumvetse kaye, ndi wa m'madambo a m'mbali mwa nyanja. Ku Bay of Fundy madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, malo ena kuposa mamita 12. Alimi ankamanga khoma ladothi, n'kulikuta ndi zibuma zodula pamodzi ndi udzu wa m'dambo kuti mizu igwire dothilo. Pansi pa khomalo ankaika ngalande yamatabwa yokhala ndi kachitseko kolendewera, amaitcha aboiteau. Nyanja ikatsika, madzi a mvula a m'munda amakankha kachitsekoko n'kutuluka. Ikakwera, madzi amchere amakatseka okha. Munda watsopano umadikira zaka ziwiri kapena zitatu kuti mvula itsuke mchere, kenako n'kumakolola tirigu ndi udzu wa ng'ombe. Vuto lake, kamtengo kakangopingasa pa kachitsekoko kapena khoma likang'aluka, mchere umalowa, ndipo ovutika si munthu mmodzi, ndi onse olima m'dambomo. N'chifukwa chake ntchito yokonza inali ya mudzi wonse.

Ku ndale sizinamuyendere myaa. Anagonja pa chisankho cha 1850, kenako anabwereranso, ndipo anakhalamo molowa ndi kutuluka mpaka 1870. Chomwe amadziwika nacho kwambiri n'kukana kuti New Brunswick iphatikizane ndi zigawo zina kupanga dziko la Canada. Anali mbali ya Albert James Smith, phungu mnzake wa ku Westmorland komweko. Mu 1865 mbali yawo inapambana, mu 1866 inagwa, ngakhale iye mpando wake anausunga, ndipo mgwirizanowo unachitikabe mu 1867.

Atapuma mu 1870, mwana wake uja ndi amene anasankhidwa ku Westmorland. Ameneyo anali loya, pambuyo pake nduna ndi woweruza wa khoti lalikulu la chigawocho, ndipo ndi amene anatsogolera msonkhano waukulu woyamba wa anthu a chi-Acadian mu 1881, ku Memramcook komweko. Polemba uike zaka pambali pa dzina lililonse, aphunzitsi asaganize kuti ukunena munthu mmodzi.