Kashiamu akachuluka m'magazi, pituitary imatani?

Wophunzira wina wa chaka chachiwiri cha udokotala walemba kuti: "Pa mayeso anatifunsa mmene kuchuluka kwa kashiamu m'magazi kumakhudzira mahomoni a pituitary, ndipo ndinalephera. Mtima wanga uli pa matenda a mahomoni. Ndingosiya?"

Musasiye ayi. Funso limeneli lili ndi msampha, ndipo ndikuganiza kuti ndi umene unakukolani: pituitary (kachiwalo ka m'mutu kotulutsa mahomoni) si imene imayang'anira kashiamu. Ntchitoyo ndi ya tiziwalo tinayi ta parathyroid, kuseri kwa chithokomiro, mothandizana ndi vitamini D. Tiziwaloti timasunga kashiamu wa m'magazi pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol/L. Akapitirira pamenepo, nthawi zambiri wolakwa ndi parathyroid yomweyo kapena khansa.

Nanga pituitary ikulowa pati? Kachiwalo kameneka, kakang'ono ngati nsawawa, kali pansi pa ubongo, ndipo maselo ake satulutsa homoni popanda kashiamu kulowa m'kati mwawo. Ali ndi CaSR, kachipangizo kozindikira kashiamu wa kunja kwa selo, kamene kanadziwika mu 1993. Kashiamu akakwera mwadzidzidzi, ACTH, homoni ya pituitary yolamula tiziwalo ta pamwamba pa impso, imakwera nayonso.

Koma chomwe mudzachione ndi maso pa bedi la wodwala ndi china. Munthu akukodza pafupipafupi, usiku sagona, botolo la madzi silichoka m'manja. Mungafulumire kunena kuti pituitary yasiya kutulutsa ADH, homoni yolamula impso kusunga madzi. Ayi, ikutulutsa ndithu. Kashiamu wagonthetsa impso, sizikumva lamulo losunga madzi. Amene wamvetsa kusiyana kumeneku sayiwalanso. Ndipo mukadzapeza kashiamu wokwera pamodzi ndi chotupa cha pituitary mwa munthu mmodzi, ganizirani MEN1, matenda a ku mtundu amene amagwiranso kapamba (pancreas).

Kawerengedwe kanu ndiko kakufunika kusintha. Kuloweza mayina a mahomoni pa mndandanda sikupindula kanthu. Tengani pepala, jambulani mivi: homoni ichokera kuti, ikukalamula chiyani, chikuyiletsa n'chiyani. Kenaka fotokozerani mnzanu buku lili chitsekere. Pomwe lilime lagwira, m'pomwe simunamvetse.

Njira yopita kumene mukufuna ndi yaitali. Mumalize digiri ya udokotala, mugwire ntchito m'chipatala, muphunzire matenda a akuluakulu kapena a ana, ndipo pambuyo pake m'pamene mudzalowe mu endocrinology, maphunziro a matenda a mahomoni. Dziwiranitu kuti odwala anu ambiri adzakhala a shuga ndi a chithokomiro. A pituitary adzabwera mwa apo ndi apo. Mukayamba kupita ku mawodi, pemphani kukhala nawo pa kiliniki ya shuga masiku angapo, muone ngati mtima ukadali pomwepo.