Dishi, eriyo kapena intaneti ku nyumba yatsopano?

Funso: A Mkonzi, mwezi wamawa tikusamukira m'nyumba ya lendi. Kodi ndipitirize ndi dishi yanga ya kanema kapena ndisinthe?

Yankho: Musanalipire chilichonse, kaoneni kaye malowo. Setilaiti yotumiza zithunzi za kanema imakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 m'mlengalenga, choncho dishi imafuna kuloza kumwamba popanda mtengo kapena khoma lotchinga, ndipo ngakhale itamangidwa bwino, mvula yamphamvu imadula zithunzi kwa kanthawi. Eriyo imadalira nsanja yapansi yotumiza mafunde a kanema wa digito otchedwa DVB-T2, ndipo nyumba yomwe ili m'chigwa kapena kuseri kwa phiri imavutika kuwagwira. Dikoda ya eriyo nthawi zambiri sigwira mafunde a setilaiti, choncho kusintha njira kungafunenso dikoda ina.

Ine ndimalimbikitsa kwambiri kufunsa oyandikana nawo, chifukwa iwo ndi amene amadziwa zomwe zimaoneka bwino pamalopo. Pemphaninso chilolezo cha eninyumba musanaboole khoma.

Ngati mukuganiza zoonera pa intaneti, zithunzi zooneka bwino kwambiri za HD zimafuna liwiro la intaneti la pafupifupi 5 Mbps, ndipo zimadya data yambiri. Ngati dishi yanu ingaloze bwino ku nyumba yatsopanoyo, isungeni, koma muitane katswiri adzailozetsenso.