Funsani Amalume: Adaputa ya sailensa yakakamira pa mpope wa mfuti

FUNSO: Amalume, ndili ndi khola la nkhuku za mazira kuno ku Chigumula ndiye makoswe atandisowetsa mtendere ndinagula mfuti ya mpweya ija ya mapeleti kwa mkulu wina yemwe amasamuka. Kunsonga kwa mpope kuli ka adaputa komangirapo sailensa yochepetsera phokoso ija, kanakhota pang'ono moti mapeleti akumakhula mkati mwa sailensa, ndikufuna ndikachotse. Ndayesa sipanala, ndathira WD-40 masiku atatu, alamu anga anabweranso ndi pulayala koma angokakanda basi. M'mbali mwake mukuoneka tinthu tofiira touma ngati kyutekisi. Ndipite nayo kwa owotcherera ku Ndirande? — Mlimi wa nkhuku, Chigumula

YANKHO: Achimwene, choyamba alamu anuwo alandeni pulayalayo, ndipo ku Ndirande musapiteko kaye. Anyamata aja ntchito ya mageti ndi mabagala baa amaitha heavy, koma moto wawo wa gasi pa mpope wa mfuti ndi nkhani ina, chitsulo chikangofiira basi mpope watha ntchito.

Tofiira mukuonato si dzimbiri ayi, ndi guluu wa mazinga, ambiri timangoti Loctite potengera dzina la kampani. Guluu ameneyu ndi wodabwitsa, pamtunda sauma msanga, amauma akatsekeredwa pakati pa zitsulo pomwe sipafika mpweya, ndiye amasanduka ngati pulasitiki yolimba yodzaza m'mazinga monse. N'chifukwa chake WD-40 wanu uja wangopita pachabe, alibe polowera komanso sasungunula zimenezi. Wabuluu, monga 243, amamasuka ndi sipanala wamba. Wofiira, monga 271, anamupangira zinthu zoti zisamasukenso wamba ndipo eni akewo amanena kuti pamafunika kutenthetsa mpaka cha m'ma 250 digiri kenako kumasula kudakali kotentha. Mwini wake woyamba uja anathira wofiira pa kanthu kakang'ono chonchi, kaya ankaganiza kuti akumanga injini ya lole kaya.

Musanagwire moto onetsetsani kuti mulibe peleti ndipo mfutiyo siinakokedwe kukonzekera kuwombera. Ngati ili ya mtundu wa PCP, ija yopopera mpweya mu silinda, apa ndiye ndikugwadireni: silinda imeneyo imasunga mpweya wofika 200 bar kapena kuposa, tayala la galimoto yanu limangokhala ndi 2 ndi kakanthu, ndiye tulutsani mpweya wonse kapena chotsani mpope pa mfutiyo, moto usayandikire silinda olo pang'ono. Timphira ta ma O-ring natonso timapsa.

Kenako kayang'anitsitseni ka adaputako ndi tochi ya foni. Ma adaputa ambiri a mfuti za mpweya sakhala ndi mazinga mkati, amangovekedwa pa mpope ngati chipewa n'kumangidwa ndi tisikuluu tating'ono topanda mutu tofuna aleni kii, nthawi zina dothi limatseka kabowoko osaoneka. Mazinga a 1/2 inchi UNF (dzina la mtundu wa mazingawo) mumawaona kunjawo ndi omangirapo sailensa. Ndinaonapo munthu wina akutuluka thukuta Loweruka lonse kupotokola chinthu choti chimangofunika kusolola. Ngati tisikuluuto tilipo, gusitsani nsonga ya soldering iron pa kasikuluuko kwa mphindi zingapo, kamamasuka bwinobwino, koma aleni kii ikhale ya saizi yake yeniyeni, mukabulungitsa kabowo kaja mwadziputira ntchito ya dirilo.

Tsopano kugwira kwake. Panani mpope weniweniwo mu vayisi, pafupi ndi kunsonga, osati thupi la mfuti kapena chimtengo chake chifukwa mphamvu yanu yonse ikathera polumikizira mpope n'kukhotetsa zinthu. Dulani timatabwa tiwiri, semani kamsewu pakati kuti mpope ugonemo, mukhoza kuyalamo chikopa cha lamba wakale. Chubu cha njinga chimagwira bwino koma chikhale patali ndi potenthapo, chimasungunuka. Kulungani kansanza konyowa pa mpope kumbuyo kwa adaputa kuti kutentha kusayende.

Heat gun ndiye yabwino, ija amachotsera penti, m'mahadiweya a ku Limbe kapena Ginnery Corner imapezeka, apo ayi bwerekani kwa okonza mafiriji kapena opanga masitika a magalimoto. Zunguzani pa adaputa pokhapo pang'onopang'ono mbali zonse. Mukamva kafungo kotsekemera ngati pulasitiki ikupsa kapena kuona kautsi kochepa, guluu wagonja, valani magulovu mupotokole nthawi yomweyo ndi dzanja lokhazikika, osamenya ndi hamala. Ikazizira imagwiranso, ndiye musati ndiyambe ndamwa tiyi. Mwayi wanu ngati adaputayo ili ya aluminiyamu chifukwa imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha mpope ikatentha, imadzipatsa yokha mpata. Ikakana ulendo woyamba isiyeni izizire mubwerezenso, ndipo kumbukirani kuti zilipo zina za mazinga amanzere zomwe mukamati mukumasula ndiye mukumanga.

Pali guluu wina dzina lake Rocksett amene moto samuopa, ameneyo amafewa ukanyika nsongayo m'madzi otentha, koma sakhala wofiira ndiye inu si wanu.

Ikachoka pukutani zotsalira ndi acetone ndi kaburashi ka mkuwa, samalani kukamwa kwenikweni kwa mpope potulukira peleti, pakangokandika pamenepo khoswe mudzamuphonya ali pa mphuno. Yatsopanoyo kadontho kamodzi ka wabuluu n'kokwanira, mukamanga suzumirani kuchokera kumbuyo kwa mpope mfuti ilibe kanthu muone ngati bowo la sailensa lili pakatikati. Komanso poti munagula kwa munthu, dutsani kupolisi mukafunse za mapepala a mfutiyo ndi sailensa yake musanayambe kuyenda nayo mu minibasi ya ku Limbe.