Ndege yopopera mbewu inatipulumutsa ku moto, koma inaitanidwa mochedwa

Achimwene, mwafunsa ngati ndege zopopera mbewu zili ndi ntchito ina. Ndege zimenezo sizingokhala pabwalo nyengo yopopera mbewu ikatha monga mukuganizira, ndipo ndikulemba izi mtima ukuwawa, chifukwa ntchito yake ina ndinaiona ndi maso anga tsiku limene ndinataya zonse zimene ndinapitira ku Joni. Ndinagwira ntchito zaka 6 m'nkhalango ya paini pafupi ndi tauni ya Sabie, m'chigawo cha Mpumalanga, ndipo kumeneko nyengo yozizira ikafika, udzu utauma, ndege zachikasu za Air Tractor zimakhala tcheru kudikira moto. Kampani ya ku Texas inazipanga kuti zizipopera minda, koma mtundu wake waukulu wa AT-802 umanyamula madzi malita pafupifupi 3,000 mu thanki imene ili pakati pa injini ndi woyendetsa, choncho m'malo mwa mapaipi opoperera amaika zitseko kumimba kwake kuti madziwo azikhuthuka nthawi imodzi.

Linali Loweruka m'mwezi wa Ogasiti, kukuomba chimphepo chouma chimene chimang'amba milomo. Utsi tinauona cha m'ma 10 koloko m'mawa, ukuchokera m'tchire la kumalire, ndipo nthawi imeneyo moto unali waung'ono, woti ndege imodzi ikanaufooketsa pa maulendo awiri. Kapitawo wathu anaimbira bwana foni ife tikumva, kuwapempha kuti aitanitse ndege, koma bwanayo anayankha kuti ndege imadya ndalama zambiri pa ola limodzi, ndipo anthu 14 amene amawalipira mwezi ndi mwezi sangalephere kamoto ka udzu. Tinapita ndi mitengo yathu yomenyera moto, ija yokhala ndi malamba a labala kunsonga, ndi galimoto imodzi yonyamula kathanki kamadzi. Pofika masana mphepo inatembenuka, moto unachoka mu udzu n'kukwera pamwamba pa mitengo ya paini, ndipo kuyambira pamenepo sunalinso woti munthu n'kuumenya. Unkalira ngati sitima yapamtunda, makungwa oyaka ankauluka kudumpha msewu wotchingira moto n'kukayatsa kutsogolo kwathu, mpaka tinazindikira kuti watizinga mbali zonse ndipo galimoto yatsala kutsidya. Tinathawira m'kamtsinje kamene madzi ake sankafika ngakhale m'mawondo, n'kugona chafufumimba m'matope, malaya onyowa tataphimba kumutu. Mnzanga wina wa ku Mozambique jombo zinamusungunukira kumapazi, ndipo kulira kwake ndimakumvabe ndikagona. Ine sindinalire, ndinkangotchula maina a ana anga mmodzimmodzi, poganiza kuti mtembo wanga sudzadziwika n'komwe.

Kenako tinamva kandege kakang'ono kakuzungulira m'mwamba, kaja kamene kamalondolera zinzake pa wailesi malo oti zithire madzi. Posakhalitsa yachikasu ija inatulukira mu utsi, ili m'munsi kwambiri moti tinkaona matayala ake, ndipo inakhuthula madzi osakaniza ndi thovu pamutu pa moto. Madziwo anagwa ndi mphamvu yothyola nthambi. Inapita kukamwa ena pakabwalo kafumbi kamene kanali pafupi, ina inabwera pambuyo pake, ndipo zinasinthana chomwecho mpaka mpata unatseguka, ife n'kuthamanga kudutsa pa phulusa lotentha. Tonse 14 tinatuluka amoyo, koma nyumba zathu zogona zinapseratu. M'menemo munali pasipoti yanga, makina osokera amene ndinagulira mayi a kunyumba, ndi ndalama zimene ndinkasunga m'chitini kuti ndikagule malata ofolera nyumba ya amayi anga ku Mulanje.

Chimene chimandipweteka kuposa motowo ndi khalidwe la bwana uja. Anaitana ndege pamene moto unayandikira nyumba yake ndi mitengo yokhwima yoti adule chaka chimenecho, osati pamene ife tinazingidwa. M'mawa mwake anatiimika pamzere, mnzathu uja ali m'chipatala, n'kutiuza kuti ndife aulesi ndipo zipangizo zimene tinataya pothawa adzadula pamalipiro athu, ndipo anaduladi. Mitengo yake inali pa inshuwalansi, pamene ife tinalandira bulangete limodzi aliyense. Munthu ameneyo anawerengera mtengo wa ola limodzi la ndege n'kuona kuti ndi wokwera kuposa miyoyo yathu, ndipo ngakhale papita zaka sindinamukhululukire.

Ntchito zina za ndegezi zilipo. Ku California amafesa nazo mpunga m'minda yodzaza kale madzi, ndipo ku New Zealand akhala akuthira nazo feteleza pa msipu wa m'mapiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, malo amene thalakitala singakwere. Ku Botswana anathana ndi kashembe m'dambo la Okavango pomwaza mankhwala ndi ndege mu 2001 ndi 2002. Kwathu konkuno madambo a nyanja za Chilwa ndi Chiuta ndi malo amene dzombe lofiira limaswana, ndipo bungwe loona za dzombeli limene likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia limadalira ndege polifufuza ndi kulipha lisanauluke kukagwera m'minda ya anthu.

Koma abale anga, ngati mukufunsa poganizira nkhalango ya Chikangawa imene imapsa chaka ndi chaka, ine sindingakulangizeni kuti mtima muuike pa ndege. Ndege payokha sizimitsa moto, imangoufooketsa kuti anthu apansi aumalize, ndipo usiku kapena utsi ukachuluka siuluka. Imafunanso bwalo loterapo pafupi, madzi okwanira, mafuta ake, ndi woyendetsa wodziwa kuuluka m'munsi pakati pa mapiri. Ndalama zimenezo ndi bwino zilambulire misewu yotchingira moto mu Meyi ndi Juni udzu usanaumitsitse, ndiponso zilipire alonda ndi antchito pa nthawi yake, popeza moto wambiri kwathu amayatsa ndi anthu, ena posaka mbewa, ena pokwiya ndi malipiro. Komabe inu amene muli ku Joni ndipo mukufuna ntchito ya m'nkhalango, musanavomere funsani ngati eni ake ali m'bungwe la m'deralo loteteza moto limene lili ndi ndege, ndipo mufunsenso ngati kapitawo ali ndi mphamvu yoiitana yekha osadikira bwana. Akakuyankhani mozemba, kafuneni ntchito kwina, ndipo pasipoti ndi ndalama musazisunge m'nyumba ya pakati pa paini.