Kodi khonsolo ingaletse hita ya palafini m'fulati ya lendi ku Johannesburg?

Mwafunsa za keyateka amene akuti khonsolo inaletsa hita za palafini m'fulati yomwe mukuchita lendi, ndipo akuopseza kuti alanda hitayo n'kukutulutsani.

Mphamvu yoletsa khonsolo ili nayo. Gawo 156 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limalola khonsolo kupanga malamulo pa ntchito zomwe inapatsidwa, ndipo kuzimitsa moto ndi imodzi mwa ntchitozo. Koma lamulo la khonsolo silibadwira pakamwa pa keyateka. Malinga ndi Municipal Systems Act ya 2000, liyenera kulengezedwa kuti anthu aperekepo maganizo, makhansala alivomereze, kenako lisindikizidwe mu gazeti ya chigawo. Choncho muwafunse mwaulemu bambowo kuti akuonetseni dzina la lamulolo ndi ndime yake. Nthawi zambiri mupeza kuti woletsa ndi mwini nyumba, dzina la khonsolo angolibwereka kuti muchite mantha.

Izi sizikutanthauza kuti mwapambana. Ngati pangano la lendi lomwe munasaina likuletsa palafini, kapena malamulo a fulatiyo akutero, chiletsocho chikukumangani ngakhale khonsolo isanenepo kanthu. Chomwe mwini nyumba sangachite ndi kudziweruzira yekha. Kulanda katundu wanu, kusintha loko kapena kukuponyerani katundu panja popanda chilolezo cha khothi n'kuphwanya lamulo. Gawo 26(3) la malamulo oyendetsera dziko ndi PIE Act ya 1998, lamulo loletsa kutulutsa anthu m'nyumba popanda chilolezo cha khothi, zimateteza aliyense wokhala m'nyumba, kaya ndi nzika kaya ndi mlendo. Dandaulo lotere mukalitule ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng, bwalo lomva madandaulo a zalendi m'chigawo chomwe muli Johannesburg, komwe salipiritsa.

Akabwera a ozimitsa moto enieni, nkhani imasintha. Onani chitupa chawo, landirani kalata yomwe akupatsani, ndipo musalimbane nawo pakhomo, chifukwa pakakhala ngozi yoonekeratu lamulo limawalola kuchitapo kanthu pomwepo. Kutsutsa kumachitika pa pepala. Gawo 62 la Systems Act limakupatsani masiku 21 olembera apilo kwa mkulu woyendetsa khonsolo, kuwerengera tsiku lomwe mwadziwitsidwa. Pansi pa PAJA ya 2000, lamulo loonetsetsa kuti zigamulo za akuluakulu a boma n'zachilungamo, mungapemphe zifukwa zolembedwa pasanathe masiku 90, ndipo zopita kukhothi zisapitirire masiku 180. Ambiri amagwa pa masiku 21 aja, kalata ili m'thumba la jekete.

Chenjeraninso ndi faindi yovomera kulakwa. Kuilipira kuti zithe msanga kutha kukusiyirani mbiri ya mlandu, zomwe zingakuvuteni pokonzetsa chilolezo chokhalira m'dzikomo. Muyambe mwaonana ndi loya kapena a Legal Aid South Africa, bungwe lothandiza pa zamalamulo anthu osakwanitsa kulipira loya.

Kunena zoona, nkhani yopewa moto si yamasewera, makamaka chichitikireni ngozi ya moto m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Johannesburg pa 31 Ogasiti 2023, momwe anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Ngati pangano lanu silikuletsa ndipo hitayo mupitiriza kuigwiritsa ntchito, onetsetsani kuti ikukwaniritsa muyezo wa SANS 1906, womwe umafuna kuti moto uzime wokha hita ikagubuduka. Musathire palafini chingwe chikuyaka, musamusunge m'chigubu chomwe munali petulo, ndipo zenera lizikhala lotsegula pang'ono, poti mpweya woipa wotuluka mu hitayo sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.